Mbewu za pa Chitala: kodi kafukufuku amalipira ndani?

Alimi anzanga, sabata yatha ndinali pa msika wa Kamuzu Road ku Salima kukagula mchere ndi zingwe zosokera matumba. Pafupi nane panakhala mayi wina amene ankagulitsa mtedza woswa m'lichero. Kunabwera mnyamata wooneka kuti ngwa m'tauni nafunsa kuti, "Mayi, mtedzawu ndi wanji?" Mayiwo anati, "Ndi Chitala ameneyu achimwene." Mnyamata uja anakwinya nkhope. "Ine sindinafunse kumene wachokera, ndafunsa mtundu wake." Tonse amene tinali pamenepo tinaseka, pakuti mayiwo anali atayankha bwino lomwe. Chitala ndi dzina la malo athu ano, komanso ndi dzina la mtundu wa mtedza umene unatulutsidwa m'chaka cha 2005.

Pobwerera kumudzi nkhaniyi sinandichoke m'mutu. Aliyense pa msika paja amadziwa mtengo wa kilogalamu ya mtedza. Koma ndi angati amene amadziwa kuti mtundu wa mtedzawo unadya ndalama zingati kuti upezeke, ndipo anatulutsa ndalamazo ndani? Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo tsopano ndimalima kamunda kanga kufupi ndi siteshoni ya kafukufuku ya Chitala. Ngakhale ine funso limeneli ndinayamba kulifunsa mochedwa. Lero ndikufuna tikambirane za mtundu umodzi wa ndalama zimene zakhala zikuyendetsa kafukufuku wa zaulimi ndi maphunziro a akatswiri athu: ndalama za mabungwe amene pa Chingerezi amawatcha kuti Foundation.

Si ngongole, si misonkho

Ndalama zakunja zimene zimafika ku ulimi wathu sizofanana. Zina ndi ngongole, monga zambiri za World Bank, zimene boma limadzabweza. Zina ndi thandizo la maboma monga a Britain, Germany, Ireland ndi Norway, ndipo zimenezo ndi misonkho ya anthu a kumeneko. Za Foundation ndi zina. Munthu amene walemera kwambiri amapatula gawo la chuma chake nachipereka m'manja mwa bungwe lokhala ndi akuluakulu ake oliyang'anira. Chumacho sachidya ayi, amachiika mu mabizinesi kuti chizibereka, ndipo phindu lake ndilo amagawa.

Kuti timve bwino, tiyerekeze munthu amene wasiya khola la ng'ombe nalamula kuti ng'ombezo zisaphedwe, koma mkaka ndi ana ang'ombe zizithandiza osowa chaka ndi chaka. Ku America kuli lamulo loti bungwe lotere lizitulutsa pafupifupi 5 pa 100 iliyonse ya chuma chake pa chaka, chifukwa boma la kumeneko limawapeputsira misonkho.

Mayina awo ena mwawaonapo pa zikwangwani ndi pa zitseko za magalimoto. Rockefeller Foundation inakhazikitsidwa mu 1913 ndi John D. Rockefeller amene analemera ndi malonda a mafuta. Ford Foundation inayamba mu 1936 ndi chuma cha banja lopanga magalimoto a Ford. McKnight Foundation ya ku Minneapolis inayamba mu 1953, ndipo mwini wake William McKnight anali mkulu wa kampani ya 3M. Gates Foundation, imene ndi yaikulu kuposa zonsezi, inayamba mu 2000 ndi chuma cha kampani ya makompyuta ya Microsoft.

Chofunika kuchigwira n'chakuti mabungwe amenewa sasankhidwa ndi mavoti. Palibe nyumba ya malamulo imene imawauza chochita. Ubwino wake ngwakuti akhoza kuika ndalama pa ntchito imene zipatso zake zidzaoneka patapita zaka 10, pamene wandale amafuna zooneka chisankho chisanafike. Kuipa kwake ngwakuti akasintha maganizo, inu ndi ine tilibe kokadandaula.

Njira yochokera ku Mexico kufika kuno

Nkhani ya mabungwewa ndi ulimi inayamba mu 1943 pamene Rockefeller Foundation inatsegula ntchito ya kafukufuku wa tirigu ndi chimanga ku Mexico. Kumeneko n'kumene kunagwira ntchito Norman Borlaug, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1970 chifukwa cha mitundu ya tirigu yobereka kwambiri. Ataona kuti njirayi ikuthandiza, a Rockefeller ndi a Ford anasonkha ndalama natsegula malo akuluakulu a kafukufuku: IRRI ya mpunga ku Philippines mu 1960, CIMMYT ya chimanga ndi tirigu ku Mexico mu 1966, ndi IITA ku Ibadan m'dziko la Nigeria mu 1967, imene timaidziwa ndi chinangwa. Maboma analowererapo pambuyo pake, ndipo mu 1972 kunatsegulidwa ICRISAT ku India yoona za mtedza, nandolo, mapira ndi mawere.

ICRISAT inafika ku Chitedze mu 1982 kudzayamba ntchito ya mtedza pamodzi ndi akatswiri a boma lathu. Pamenepa ndisanamize munthu: zaka zoyambazo ntchitoyi inkayenda makamaka ndi thandizo la maboma akunja, osati la Foundation. Mtedza wa Chitala si mwana wa bambo mmodzi. Koma nyumba imene unabadwiramo inamangidwa pa maziko a mabungwe aja, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 2000 a McKnight ndi a Gates anaikanso ndalama zawo pa ntchito yopanga mitundu yatsopano ya mtedza ndi kuichulukitsa muno m'Malawi. Ya a Gates inkatchedwa Tropical Legumes II ndipo inayamba mu 2007.

Chifukwa chake zimadya ndalama

Ambiri timaganiza kuti akatswiri amangotenga mbewu kunja n'kudzaipatsa dzina la Chichewa. Si choncho. Duwa la mtedza limadzipatsa lokha mungu. Kuti akwatitse mitundu iwiri, munthu amayenera kugwada madzulo ndi kapani kakang'ono, kutsegula duwa lisanamasule, kuchotsa tizigawo tokhala ndi mungu, n'kubweranso m'mamawa kudzaika mungu wa mtundu winawo. Duwa limodzi limodzi. Zotuluka pamenepo zimabzalidwa nyengo ndi nyengo, akusankha zabwino ndi kutaya zambirimbiri, mpaka mtundu utakhazikika osasinthasintha.

Ndiye pali matenda a kadukutu, amene ena amati khate la mtedza, omwe amafalitsidwa ndi nsabwe. Amene analima mtedza mu nyengo ya 1994/95 akukumbuka minda yonse itafota n'kusanduka yachikasu. Ku Chitedze akatswiri anapeza njira yoyesera mbewu ku matendawa. Amaweta nsabwe dala m'nyumba ya magalasi, n'kubzala mizere ya mtedza wodwala pakati pa mizere ya mitundu yatsopano. Umene wapirira pamenepo ndiwo umapitirira. Tangoganizani, anthu kulipidwa kuti aziweta nsabwe! Koma popanda iwo sitikanakhala ndi Nsinjiro, Baka kapena Chitala.

Apa ndi pamene siteshoni yathu imalowera. Chitedze ili pamtunda, mamita oposa 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo n'kozizirirapo. Chitala ili pa mamita ngati 600, kotentha, mvula yake yofulumira kutha ndiponso ng'amba sizisowa. Mbewu imene yakongola ku Chitedze ikhoza kudzachita manyazi kuno. N'chifukwa chake mitundu yatsopano ya mtedza, chimanga, thonje ndi zina imabwera kudzayesedwa m'timinda ting'onoting'ono tija mumationa tili ndi zikhomo ndi manambala. Ikapambana pa masiteshoni imapita m'minda ya alimi, kenaka ku komiti ya unduna imene imavomereza kuti mbewu itulutsidwe.

Taonani Nsinjiro. M'mabuku a akatswiri dzina lake ndi ICGV-SM 90704, ndipo 90 ameneyo ndi chaka cha 1990. Alimi anaulandira mu 2000. Zaka 10, osawerengera zaka zokwatitsa ndi kusankha zimene zinatsogola. Zaka zonsezo pamafunika malipiro a aganyu opalira, mafuta a galimoto, feteleza, masikelo, matumba, ndi alonda oingitsa mbuzi ndi anyani.

Mwina wina afunsa kuti, nanga makampani a mbewu bwanji osachita zimenezi okha? Pa chimanga cha haibulidi amachita ndithu, chifukwa mlimi amabwera kudzagula chaka chilichonse. Koma mtedza, nandolo, khobwe ndi chinangwa, mlimi akagula kamodzi amasunga mbewu yake zaka zingapo, n'kugawirako mlamu wake ndi apongozi. Komanso mtedza suchulukana msanga. Ukabzala thumba limodzi suyembekeza matumba 100 monga muchitira ndi chimanga. Wamalonda saonapo phindu lofulumira. Ntchito yotere ikapanda boma kapena Foundation, palibe amene angaigwire.

Chimanga chimene amayi anachivomereza

Chitsanzo chimene ndinachiona ndi maso anga ndi cha chimanga. Pamene ndinkayamba ntchito tinkalimbikitsa alimi kubzala haibulidi, koma ambiri ankakana, ndipo ife tinkawanena kuti ndi osamva za chitukuko. Olakwa tinali ife. Haibulidi wa nthawi imeneyo anali wofewa. Amayi akamukonola mumtondo ankaphwanyika, mphale n'kuchepa, gaga n'kuchuluka. M'nkhokwe anankafumbwe ankamumaliza isanafike Khirisimasi. Mlimi ankamulima kuti akagulitse ku ADMARC, koma chakudya cha pakhomo chinali chimanga cha makolo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 gulu la akatswiri a chimanga ku Chitedze linalandira thandizo kuchokera mbali zingapo, ndipo Rockefeller Foundation inali imodzi mwa izo. Katswiri wathu wa ku Malawi konkuno, B.T. Zambezi, ndi anzake anakwatitsa mahaibulidi amene analipo ndi chimanga cholimba chochokera ku CIMMYT. Mu 1990 kunatuluka MH17 ndi MH18. Chimanga chimenechi chinkakonoleka pafupifupi ngati cha makolo, ndipo MH18 anali wocha msanga, woyenera kuno kunyanja. M'chilala cha 1991/92 ambiri anaona kusiyana kwake. Kwa ine phunziro linali lakuti zinthu zinayamba kuyenda pamene akatswiri anasiya kufunsa sikelo yokha nayamba kufunsanso mtondo.

Ntchito ina imene ndinagwirako ndi manja anga ndi ya feteleza. Kale malangizo anali amodzi dziko lonse, kaya uli ku Dedza, kaya ku Chikwawa, kaya kuno ku Salima. Kwacha itagwa mu 1994 ndipo boma litachotsa thandizo lake pa mtengo wa feteleza, alimi ambiri sankakwanitsanso muyeso umenewo. Unduna unakhazikitsa gulu lotchedwa Maize Productivity Task Force, limene akatswiri othandizidwa ndi Rockefeller Foundation anagwira nalo ntchito. Kuyambira nyengo ya 1995/96 alangizi m'dziko lonse tinapatsidwa mbewu ndi feteleza woyezeratu kuti tiyese miyeso yosiyanasiyana m'minda ya alimi, minda yoposa 1,000. Ine ndinkapalasa njinga ndi sikelo pakaliyala, kukolola kagawo kalikonse pakokha, kuyeza ndi kulemba. Zotsatira zinaonetsa kuti m'madera ambiri muyeso wakale unali wosapindulitsa mlimi pa mitengo ya nthawi imeneyo, ndipo panatuluka malangizo osiyana malinga ndi dera.

Maganizo a Starter Pack anachokera m'gulu lomwelo. Mu 1998/99 mabanja pafupifupi 2.8 miliyoni analandira kaphukusi ka makilogalamu 2 a mbewu ya chimanga, 15 a feteleza ndi imodzi ya mbewu ya mtundu wa nyemba, zokwanira kota ya ekala. Ndalama zogulira maphukusiwo zinachokera ku boma lathu ndi maboma ndi mabungwe akunja monga Britain. Foundation inalipira kagawo kakang'ono, ka kafukufuku, koma ndiko kanasonyeza choyenera kuika m'phukusimo. Umu ndi mmene ndalama zamtunduwu zimagwirira ntchito zikagwa pabwino: zochepa, koma zotsogolera zambiri.

Pambuyo pake kunabwera ntchito ya chimanga chopirira chilala m'maiko 13 a mu Africa, yolipiridwa ndi a Gates ndi a Howard G. Buffett Foundation. Mu 2009 Malawi anatulutsa ZM309 ndi ZM523, zimene alimi ena anazitcha Msungabanja ndi Mwayi.

Kuphunzitsa anthu

Mbewu siidzipanga yokha. Kuseri kwa mtundu uliwonse kuli munthu amene anakhala pa sukulu zaka zambiri. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene ndalama za Foundation zasiya chinthu chokhalitsa kuposa pena paliponse, chifukwa galimoto imatha, kompyuta imafa, koma munthu wophunzira amagwira ntchito zaka 30.

Kale Mmalawi wofuna digiri yachiwiri ya zaulimi ankayenera kupita ku Britain kapena ku America, n'kukaphunzira pa mbewu ndi dothi la kumeneko. Mu 1992 Rockefeller Foundation inayambitsa ndondomeko yotchedwa FORUM m'mayunivesite a ku Kenya, Uganda, Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi, ndipo kuno inali ku koleji ya Bunda. Mphunzitsi ankalemba pempho la ntchito ya kafukufuku, ndipo m'ndalama zimene ankalandira munali fizi, chakudya ndi mayendedwe a ophunzira ake. Wophunzirayo ankayenera kukachita kafukufuku wake m'minda ya alimi, osati m'kalasi mokha. Mu 2004 mayunivesite anaitenga ndondomekoyi kukhala yawo naitcha RUFORUM, likulu lake lili ku Makerere ku Kampala. Bunda, imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, ikadali membala.

Mu 2002 bungwe lomwelo linathandiza kutsegula sukulu ya akatswiri opanga mbewu, ACCI, ku Pietermaritzburg m'dziko la South Africa. Kumeneko wophunzira amakhala nthawi yochepa m'kalasi, kenaka amabwerera kwawo kukachita kafukufuku pa mbewu za kwawo. Amalawi angapo anatengera digiri ya PhD kumeneko.

Mwana wa mlongo wanga anaphunzira digiri yachiwiri ndi ndalama zoterezi. Makolo ake sakanakwanitsa ngakhale teremu imodzi. Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Iwe, anthu amenewa akupatsa ndalama zonsezi, akufuna chiyani kwa iwe?" Anaseka nati, "Amalume, akufuna lipoti." Kenaka anandifotokozera mmene zimayendera. Bungwe limalengeza kuti lili ndi ndalama za ntchito yakutiyakuti. Akatswiri amalemba pempho lofotokoza vuto, njira yolithetsera ndi bajeti yake. Akatswiri ena, kawirikawiri a m'maiko ena, amawerenga mapemphowo n'kusankha ochepa. Wopambana amapatsidwa ndalama za zaka 3 kapena 4, zobwera pang'onopang'ono, ndipo chigawo chotsatira sichibwera ngati lipoti ndi malisiti a chigawo chapitacho sizinafike.

Walira mvula walira matope

Tsopano ndinene mbali inayo, pakuti tsamba lino si la kuyamika kokhakokha.

Zaka zingapo zapitazo, nditapuma kale ntchito, anthu a pulojekiti ina anabwera kudzandipempha kagawo ka munda wanga kuti ayesepo kasakanizidwe ka nandolo ndi mtedza. Dzina la bungwe lawo ndilisunga. Anali ana aulemu ndi akhama. Zaka ziwiri anabwera mokhulupirika, kuyeza, kutenga dothi m'timapepala, kujambula zithunzi. Chaka chachitatu anabwera kamodzi kokha, ndipo pokolola sanaoneke. Nditakumana ndi mmodzi wa iwo ku Salima anandiuza mwamanyazi kuti, "Bambo, pulojekiti inatha, ndalama sanawonjezere." Mpaka lero sindinamve kuti dothi langa analipeza ndi chiyani. Chikwangwani chawo ndi chimene chikutseka khola la nkhuku kwathu.

Sindiwada ana amenewo. Vuto ndi kapangidwe ka ndalamazo. Mbewu imafuna zaka 10, nthaka kuti ibwerere m'chimake imafuna zoposa pamenepo, koma thandizo limabwera la zaka 3. Katswiri amatha nthawi yambiri akulemba pempho lotsatira m'malo mokhala kumunda. Mitundu imene inali pakati pa ulendo ikhoza kufera m'matumba chifukwa chosowa wobzala nyengo imodzi yokha, pakuti mbewu ya mtedza sichedwa kutaya mphamvu yomera kuno kotentha.

Chachiwiri, mwini ndalama ndiye amasankha nkhani. Chaka china onse akufuna za chilala, china za zakudya zopatsa thanzi, china za kusintha kwa nyengo. Zonsezi n'zofunika. Koma mbewu imene ilibe bwenzi kunja imatsalira. Thonje, limene linamanga nyumba za malata zambiri kuno ku Chinguluwe ndi madera ozungulira, simulimva kawirikawiri m'nkhani za mabungwe amenewa chifukwa si chakudya. Mawere, nzama ndi masamba athu monga luni ndi bonongwe zakhala zikulandira nyenyeswa.

Chachitatu, mabungwewa amakonda kulipira ntchito yatsopano yokhala ndi dzina. Mpanda wa siteshoni, mpope wa madzi, denga lodontha, magetsi a chipinda chozizira chosungiramo mbewu, malipiro a mwezi ndi mwezi a akatswiri, zimenezo amati ndi za boma. Ndipo akunena zoona. Katswiri amene waphunzira ndi ndalama za Foundation akabwerako n'kupeza kuti palibe zipangizo ndipo malipiro ndi ochepa, amapita ku mabungwe kapena kunja. Tikatero taphunzitsira ena.

Komanso si zonse zimene analonjeza zinachitika. Mu 2006 a Rockefeller ndi a Gates anasonkha madola 150 miliyoni a ku America nayambitsa AGRA, imene wapampando wake woyamba anali Kofi Annan. Bungweli linathandiza makampani ang'onoang'ono a mbewu, ogulitsa zipangizo za ulimi m'matauni ang'onoang'ono, ndi maphunziro a akatswiri. Linanenanso kuti pofika 2020 mabanja 30 miliyoni adzakhala akukolola ndi kupeza kawiri kuposa kale. Chaka chimenecho chitafika, ofufuza ena monga Timothy Wise wa ku yunivesite ya Tufts anaonetsa kuti zokolola sizinakwere chotero, ndipo anadzudzula kuti mtima wonse unali pa chimanga ndi feteleza wogula. A McKnight anatenga njira ina. Iwo anaika ndalama pa kafukufuku wa mbewu za mtundu wa nyemba zobwezeretsa chonde, wochitika pamodzi ndi magulu a alimi ku Ekwendeni ndi ku Kasungu mogwirizana ndi a ku Bunda. Mukuona kuti ngakhale eni ndalama sagwirizana pa njira. Ine kumunda kwanga ndimatengako uku ndi uku.

Nanga mawa?

Chaka cha 2025 chinatiphunzitsa kanthu. Mu Januwale boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo pofika Julaye bungwe la USAID linali litatsekedwa. Ntchito zambiri za kafukufuku wa mbewu mu Africa zinaima pakati pa nyengo, mbewu zili m'munda. Zimenezo zinali ndalama za boma, osati za Foundation, koma zinachititsa kuti onse athamangire ku chitsime chimodzi chotsala. Ndipo mu Meyi chaka chomwecho Bill Gates analengeza kuti bungwe lake lidzagawa chuma chake chonse n'kutseka pofika kumapeto kwa 2045. Iyeyu wasankha kupha ng'ombe zonse m'malo mogawa mkaka wokha. Zaka 20 zikumveka zambiri, koma kwa wopanga mbewu ndi maulendo awiri okha ochoka pa duwa kufika pa msika.

Kodi tokha sitingathe? Alimi a fodya amadulidwa kandalama pa malonda awo, ndipo n'zimene zimayendetsa kafukufuku wa ARET. Eni minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo akhala akulipira okha kafukufuku wawo wa ku Mimosa. Mtedza, soya ndi nandolo zikutuluka m'dziko muno ndi magalimoto akuluakulu chaka chilichonse, koma ine sindinaonepo wogula aliyense pa sikelo akunena kuti tambala iyi ikupita kwa amene anapanga mbewuyi. Ndikudziwa kuti mawu oti kudula ndalama sakoma m'khutu la mlimi amene mavenda amubera kale pa sikelo. Ine ndingavomere pokhapokha alimi atakhala nawo pa mpando woona mmene ndalamazo zikuyendera.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Ku Maputo mu 2003 atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka 10 pa 100 iliyonse ya bajeti ku ulimi, ndipo Malawi wakhala akufika pamenepo zaka zambiri. Koma gawo lalikulu lakhala likupita ku feteleza wa makuponi kuyambira 2005, ndipo kafukufuku amalandira zotsala. Feteleza timamufuna, ine ndemwe ndinaimapo pa mzere. Koma thumba la feteleza limatha nyengo imodzi, pamene CG7, amene anatuluka mu 1990, tikumudyabe mpaka lero. Aphungu athu akabwera kudzachititsa misonkhano timawafunsa za makuponi, milatho ndi mabokosi a maliro. Sindinamvepo munthu akuimirira kufunsa kuti siteshoni ya Chitala yalandira zingati chaka chino.

Kwa inu amene anthu a pulojekiti adzakupempheni munda, musakane, pakuti mbewu yoyesedwa m'dothi lanu ndiyo idzakuthandizeni. Koma funsani zisanayambe: ndalama zikuchokera kuti, ntchitoyi ndi ya zaka zingati, zokolola za m'kagawoko zidzakhala za yani, ndipo adzabwera liti kudzakuuzani zimene apeza. Muwauzenso zimene inu mukufuna pa mbewu, kaya ndi kukoma kwa nsinjiro zake, kaya kusavuta kuswa, kaya mtundu wa khungu umene ogula amaufuna. Zimene mwanenazo zimalembedwa mu lipoti, ndipo lipotilo limawerengedwa ndi amene ali ndi ndalama. Pa tsiku la chionetsero ku siteshoni amayi asamakhale kumbuyo kudikira zakumwa. Nkhani ya mtondo ija anaidziwa ndi iwo.

Mayi wa pa msika uja ndinamugula makilogalamu awiri, koma ndi wokazinga ameneyo, wobzala ayi, chifukwa m'licheromo ndinaonamo mitundu yosakanikirana. Mbewu yanga ya Chitala yakwanitsa nyengo zitatu, ndiye chaka chino ndikagula ina yovomerezeka, ya m'thumba lokhala ndi chizindikiro. Ndidzabzala ndi mvula yoyamba, mizere iwiri pa mzere uliwonse ndi mothithikana, popeza nsabwe zimakonda munda wa mipata. Mizere isanu ya kumapeto ndasiyira mtundu wina mwa imene inatuluka mu 2014, umene mnzanga wa ku Matenje wandilonjeza, kuti ndione ngati ungapirire ng'amba ya mu Febuluwale pa dothi langa.